Nditafunsidwa Ndinati Palibe Vuto

Najma, Doha
Lachisanu masana

Tamanda mwana wanga,

Lero ndili pa ofu. Anzanga atatu amene ndimagona nawo m'chipinda muno apita kokayenda, ine ndanamizira mutu kuti nditsale ndekha ndikulembere. Ndikamaliza ndijambula masamba onsewa n'kukutumizira pa foni, chifukwa ndikati ndilankhule pakamwa, mawu andithawa monga amachitira masiku onse.

Mawa ukukwera ndege ya ku Jeremani. Azakhali ako andiuza kuti chikwama wamanga kale, chitupa cha katemera chili m'thumba, ndipo banja limene ukakhale nalo chaka chino ukuwalerera ana likakuchingamira kubwalo la ndege. Andiuzanso zimene unanena pakhonde Lamlungu lapitali. Akuti unati ukupita kwa anthu ouma mtima, mtundu umene unakaniza mayi ako kudzaika maliro a mwamuna wake. Akuti unalumbira kuti ukagwira ntchito yako n'kuphunzira chilankhulo chawo, koma sukawapempha kanthu, ngakhale madzi akumwa.

Tamanda, bodza limenelo ndi langa. Palibe Mjeremani amene anandikaniza kubwera. Ndikudziwa kuti ukamaliza kuwerenga kalatayi, mkwiyo umene wawasungira zaka ziwirizi mwina uutembenuzira kwa ine, pomwe ngakhale panopa moni wako ndimachita kupempha. Ndikuopa kwambiri. Koma sindingakusiye ukalowe m'nyumba ya anthu utatseka pakamwa chifukwa cha ine, poti kutseka pakamwa kumeneko ndi kumene kunandipweteka. Ndiyamba ndi zazing'ono, uleze mtima, chachikulucho ndifikapo.

Ukukumbuka kuti ndisanayambe ntchito ya ku hotelo kuno ndinagwira zaka zinayi m'nyumba ya Madamu Birgit ndi amuna awo, aja ankamanga njanji ya pansi pa nthaka. Chaka china kutentha kutafika poipa anandinyamula kupita nane kwawo ku Jeremani masabata asanu ndi limodzi, kuti ndiziwathandiza ana. Tinafikira kwa mayi awo a madamu, gogo wamasiye wamtali, amene tonse tinkangomuitana kuti Oma. Tinafika madzulo titayenda tsiku lonse. Patebulo anaikapo buledi wakuda, tchizi ndi nyama yozizira yodula mopyapyala, ndipo Oma anandifunsa ngati ndidye nawo. Ine, mwana woleredwa bwino wa ku Mponela, ndinati ayi, ndakhuta za m'ndege. M'mimba munali mukulira. Ndinkadikira kuti andifunsenso, andikoke dzanja, anene kuti mlendo sagona ndi njala, kenako ndivomere monyinyirika ngati mmene timachitira kwathu. Gogoyo anangogwedeza mutu, n'kutenga mbale yanga kukaibweza m'kabati. Ndinakhala pampando ndikuwaonerera akutafuna mpaka anapukuta tebulo. Mumtima ndinawatukwana onse, ndi makolo awo omwe. Iwe ukakafunsidwa za chakudya, ngati uli ndi njala ukanene kuti inde pa funso loyambalo, ndipo ukafuna kuwonjezera ukanene.

Sabata yomweyo anati tikayende m'nkhalango. Anthu amenewa amayenda, mwana wanga, osati kupita kwinakwake ayi, kungoyenda basi, mvula kaya dzuwa. Oma anayang'ana tinsapato tanga tapulasitiki n'kufunsa ngati ndingathe kuyenda nato ulendo wautali, poti anali ndi nsapato zina zoti andibwereke. Ndinachita manyazi kuvala nsapato za mwini nyumba. Ndinati ndili bwino. Tinayenda maola anayi m'miyala. Pobwera zidendene zonse ziwiri zinali zitasupuka, magazi atamatirira ku nsapato. Gogo uja ataona anakwiya mpaka nkhope kufiira. Anandikhazika pampando, n'kugwada pansi ndi beseni, iyeyo wamkulu kuposa mayi anga, n'kumanditsuka mabalawo uku akukalipa. Madamu ndiwo ankamasulira. Akuti: "Ndinakufunsa. Wandinamiziranji?" Mawu amenewo anandilasa. Ine ndinkaona ngati ndapereka ulemu, iye ankaona kuti ndamunamiza m'nyumba mwake n'kumuchititsa chinthu choipa asakudziwa. Usaiwale zimenezi, Tamanda. Ulemu wathu wokana chinthu ukuchifuna, iwowo amautcha bodza.

Nawonso akafuna kunena chinthu sazungulira. Tsiku lina ndinachapa juzi ya ubweya ya Oma m'madzi otentha, inatuluka yoti ingakwane mwana wa sitandade wani. Anandiuza pamaso pa onse, patebulo, kuti ndaiwononga juziyo ndipo ndizifunsa ndisanachape zinthu zimene sindikuzidziwa. Ndinakalirira m'chimbudzi. Masiku awiri ndinayenda nditatupa, ndikuyankha ndi mphuno, kudikira kuti azindikire kuti anandinyoza. Tsiku lachitatu anandifunsa ngati ndikudwala, poti sankamvetsa chimene chandivuta. Kwa iye nkhani ya juzi inathera patebulo pomwe paja. Ndikukuuza izi chifukwa ndikukudziwa, unatengera bambo ako kufufuma kumeneko, umatha sabata yathunthu osalankhula munthu. Kumeneko ukafufuma udzafufuma wekha, palibe adzabwere kudzakunyengerera. Akakudzudzula umve, ukonze. Ngati akulakwira, uwauze pomwepo kuti apa mwandilakwira, sadzakuthamangitsa chifukwa cha zimenezo.

Zina ndi zoti ungoloweza. Lamlungu loyamba ndinadzuka m'mamawa kusesa pabwalo, ndikuimba nyimbo za kwaya, n'kuyanika zovala panja. Bambo wa nyumba yoyandikana anabwera pampanda kudzandiuza kuti Lamlungu ndi tsiku la bata. Sindinamve chilankhulo koma chala chake ndinachimva. Zinyalala ali ndi migomo yake, mapepala kwaokha, mabotolo kwaokha, makoko a mbatata kwaokha, ndipo ukasakaniza adzadziwa kuti ndi iwe. Akati naini koloko ndi naini koloko. Ine sitima inandisiya ndili pamasitepe ndikuiona, ndili ndi mwana kumanja, ndipo madamu sanaseke. Usapite kunyumba kwa munthu osapangana naye tsiku. Usauze munthu kuti mudzatichezere mwachizolowezi chabe, chifukwa atulutsa kabuku n'kukufunsa kuti liti. Zimene sukuzidziwa ufunse, paja safunsa anadya phula.

Usaganize kuti ndikukuuza kuti ndi angelo. M'basi mpando wa pambali panga unkakhala wopanda munthu ngakhale ena ataimirira. Tsiku lina pasiteshoni bambo wina wovala bwino anaima patsogolo panga n'kundilavulira mawu, kenako analavula malovu enieni pafupi ndi phazi langa. Anthu anali ambiri, onse anayang'ana kumbali. Nditafika kunyumba sindinauze aliyense, ndinati mlendo ndi mame, ndipirire ndidzachoka. Madamu anadzamva kwa mwana wawo wamkazi amene anali nane. Anandikalipira chifukwa chobisa, akuti akanadziwa tsiku lomwelo akanakadandaula kwa oyang'anira siteshoni. Zoterezi udzakumana nazo, sindikufuna kukunamizanso. Iwe ukakhalako chaka chathunthu, mpaka nyengo yozizira imene ine sindinaione, imene akuti kumada anthu asanaweruke ku ntchito. Ukadwala n'kudzitsekera m'chipinda, iwo adzaganiza kuti ukufuna kukhala wekha ndipo adzayenda monyang'ama kuti asakusokoneze. Utsegule chitseko unene kuti ndikudwala, ndiperekezeni kuchipatala.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikupazemba.

Unandiimbira kuti bambo ako agwa pa mashini osokera ku shopu, mbali imodzi yafa, pakamwa papindika. Inali nthawi imene matenda a korona anali atangoyamba kumveka, anthu akugula masiki ngati amisala. Dziwa izi poyamba: lamulo kuno linali litangosintha kumene, ife antchito a m'nyumba sitinkafunikiranso chikalata cha abwana chotilola kutuluka m'dziko. Pasipoti yanga inali m'sutikesi mwanga, anthu amenewa sanandilandepo ngakhale tsiku limodzi monga amachitira mabwana ena. Panalibe chondimanga.

Madamu anandipeza ndikusita malaya, misozi ikugwera pansalu. Anazimitsa ayironi, n'kundikhazika patebulo la kukhitchini, n'kutsegula kompyuta yawo. Anandifotokozera zonse mosabisa. Anati mabwalo a ndege atsala pang'ono kutsekedwa, koma mkuja kuli ndege imene ili ndi malo, ndipo tikiti agula iwo. Anatinso ndikapita mwina sindidzaloledwa kulowanso kuno kwa miyezi yambiri, ndipo sangandilonjeze kuti ntchito ndidzaipeza, chifukwa ngakhale ya amuna awo sinkadziwika tsogolo lake. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Esinati, ukufuna kupita?"

Mtima wanga wonse unali kale panjira. Ndinkamuona bambo ako ali gone, ndinkakuona iwe uli wekha pambali pake. Koma pakamwa panga panatuluka mawu amene tonse timawatola kuno, amene timayankha bwana aliyense pa chilichonse. Ndinati, "Mafi mushkila, madamu, palibe vuto. Achira."

Ndinkafuna andikakamize. Ndinkafuna amenye tebulo anene kuti nyamuka, mwamuna wako akudwala, ntchito yako ikudikira. Ndinkafuna chisankhocho chikhale chawo, kuti zikadzavuta, ntchito ikadzatha, sukulu yako ikadzaima, ndisadzakhale ine wolakwa. Mantha analipo, sindikana. Koma chachikulu chinali chizolowezi chomwe chija cha buledi ndi nsapato, choti munthu wamakhalidwe sanena kuti ndikufuna.

Chimene chimandidya mpaka lero ndi ichi. Madamu anali atakhala nane zaka zokwanira kundidziwa. Anachita chinthu chimene kwawo sachita, anafunsa kachiwiri. Anati, "Ndikukudziwa iwe. Undiuze zoona, ndigule?" Dzanja lawo linali pa kompyuta. Ndipo ine, chitsiru ine, ndinaganiza kuti poti afunsa kawiri afunsanso kachitatu, pamenepo ndiye ndivomera. Ndinapukusa mutu n'kumwetulira. Madamu anatseka kompyuta ija n'kunena kuti alemekeza maganizo anga, ndikasintha ndiwauze lisanathe tsiku la mawa.

Tsiku la mawalo ndinadzuka nditatsimikiza kuti ndinena. Ndinawapatsa ana chakudya, ndinakolopa, ndinazungulirazungulira pafupi ndi madamu ndikupukuta zinthu zoyera kale, kudikira kuti ayambitse iwo. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa n'kufunsa za sopo. Iwo anali atanena kale mbali yawo, ankadikira ine. Dzuwa linalowa. Ndege ija inapita, ndipo pasanathe masiku ambiri anatseka bwalo la ndege kuno, kenako anatseka kwathu. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ine ndinkangoti ndi mwambi wophunzitsira ana.

Ndiye unaimba iwe, mawu atasasa, kufunsa kuti Amayi mufika liti. Sindinakonzekere kunama. Zinangotuluka, mosavuta ngati kupuma: abwana akana. Unatukwana, ine ndinakhala chete, ndipo chete ameneyo anasindikiza bodzalo. Nditaika foni ndinamva kupepukidwa, ndipo kupepukidwa kumeneko ndimachita nako manyazi kuposa bodza lenilenilo.

Bambo ako anakhala masabata ena asanu. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Unkamutembenuza, kumudyetsa phala ndi supuni, kumusambitsa, kumusintha zofunda, ntchito zimene mwana wamkazi sayenera kuchitira bambo ake pomwe mkazi wake ali moyo. Zinali ntchito zanga zimenezo. Azakhali ako anandiuza kuti chitseko chikatseguka ankatembenuza maso kuona amene walowa. Maliro ake ndinaonera pa foni ya azakhali ako, nditakhala pansi m'kachipinda kochapira, chithunzi chikuima n'kumayenda, mawu a nyimbo akudukaduka. Pamene ankatsitsa bokosi netiweki inathawa, itabwerera anali akukwirira kale.

Madamu amene wakhala ukuwatembererawo anandipatsa sabata yathunthu. Anaphika okha, ana anawasamala okha, tiyi ankandisiyira pakhomo. Sananene ngakhale kamodzi kuti ndinakuuza. Ntchito ya amuna awo itatha, lamulo lina linali litasinthanso loti munthu ukhoza kusintha ntchito popanda kalata ya bwana wakale, komabe iwo anayenda nane mpaka ndinapeza malo ku hotelo ya ku Msheireb kumene ndikuyala mabedi panopa. Anandilembera umboni wabwino. Sadziwa kuti kwathu dzina lawo ndi la mfiti, ndipo amene analiipitsa ndi ine.

Pali chinanso, poti ndayamba ndimalize. Chaka chatha njira zitatseguka ndinakuuza kuti holide andikaniza ku hotelo. Sanandikanize. Sindinapemphe. Ndinkaopa kuima pamanda a bambo ako iwe uli pambali panga ukundisisita pamsana, ukundimvera chisoni ngati munthu amene anachitiridwa nkhanza. Ndinaona kuti kuli bwino uzindiyankha mwachidule pa foni kusiyana n'kuti undiyang'ane m'maso. Taona tsopano, ukuchoka, ndipo zaka zimene sitinaonane zikuwonjezekera.

Choncho mvera, Tamanda, ngakhale ukhale utandikwiyira. Pasipoti yako uzisunga wekha. Tsiku loyamba lomwelo ukhale nawo pansi anthuwo, ufunse maola ako a ntchito, tsiku lako lopuma, ndi nthawi ya sukulu ya chilankhulo, ndipo zilembedwe. Sadzakuona ngati wamwano, adzakuona ngati munthu wodziwa chimene akuchita. Akakuwonjezera ntchito imene simunapangane, unene. Ukatopa unene. Jekete likachepa mphamvu unene, usakazizidwe mwaulemu. Wina akakugwira pamene sukufuna, kaya ndi bambo wa m'nyumbamo kaya ndi ndani, ukuwe ndipo ukanene tsiku lomwelo. Ukapeza Amalawi anzako kumeneko ucheze nawo, useke, udye za kwathu, koma usalole kuti akuphunzitse kuti kupirira mwakachetechete ndiye nzeru. Ndaona amayi ambiri kuno akufota ndi nzeru imeneyo, ine ndine mmodzi wa iwo.

Ndipo tsiku lina foni idzalira. Idzalira ndithu, aliyense wokhala kunja amaidziwa foni imeneyo. Mwina wodwalayo adzakhala azakhali ako, mwina ndidzakhala ine. Anthu amene ukakhale nawowo akadzakufunsa ngati ukufuna kupita, usadzayambe kuwerenga nkhope zawo, usadzadikire kukankhidwa. Ngati ukufuna kupita udzati ndikufuna kupita. Ngati sukufuna, kaya ukuopa kutaya malo ako, udzanene zomwezo, ndipo udzauze abale zoona kuti ndasankha kutsala. Chisankho chimenecho munthu amatha kukhala nacho. Ine sindinasankhe, ndinangokhala pampando mpaka nthawi inandisankhira, kenako ndinanamizira munthu wosalakwa.

Sindikuuza kuti mako ndi mako. Mwambi umenewo ndilibe nawo ufulu lero. Sindikupemphanso kuti undikhululukire mawa lomweli, zimenezo zili ndi iwe ndi nthawi yako. Banja limene ukupitakolo silinakulakwire kanthu, ukalowe m'nyumba mwawo ndi mtima woyera, katundu ameneyu umusiye kwa mwini wake.

Masiku onsewa ndikamakulembera ndimati ukapeza mpata undiimbire, ngati uli ndi mayunitsi, usavutike, ndikudziwa kuti watanganidwa. Zonsezo zinali zokutira. Lero ndinena mosakutira.

Ndikufuna undiimbire mawa usanakwere ndege. Ndikufuna kumva mawu ako, ngakhale akhale otukwana. Ndakusowa kwambiri, mwana wanga, ndipo ndikuopa kuti ndakutaya. Ndapita kwa supavaiza wanga dzulo, ndamuuza maso ndi maso kuti Loweruka sindibwera chifukwa mwana wanga akuchoka, ndipo wavomera. Ndikhala pabedi pano kuyambira m'mawa, foni ili m'manja.

Ngati sukufuna kulankhula nane, usandilembere kuti netiweki inavuta kapena kuti munachedwa panjira. Ungolemba kuti sindikufuna. Ndidzalira, koma ndidzakhulupirira, ndipo sindidzatuma azakhali ako kuti akukakamize.

Uyende bwino. Mulungu amene ine ndinamuchimwira akusunge iwe.

Ndine mayi ako,
Esinati